Duwa pa Jombo Yakumanzere

Subilaga ananyamuka mumsika wa Tukuyu dzuwa litalowa kale, chifunga chikutsetsereka kuchokera m'phiri la Rungwe ngati thonje lonyowa. Minibasi yomaliza ya kwawo inapita iye ali chigwadire pa mulu wa nsapato za kaunjika. Anaimva ndithu ikuliza hutala, anamumva kondakitala akukuwa dzina la mudzi wawo mpaka mawu kusasa, koma mumtima anangoti: pitani, ine sindinathe kusankha.

Tsopano anali atasankha. Jombo zija anazikulunga m'chitenje n'kuzifungatira pachifuwa.

Pakona, pansi pa mtengo wa mapeyala pamene anyamata a bodaboda amaimika njinga zawo zamoto, panamveka likhweru.

"Alamu! Alamu athu! Usiku uno wapansi? Bwerani tikakutuleni pakhomo penipeni."

"Mwafungatira chiyani pamenepo? Kodi Gwakisa wabereka kale ife osamva?"

Anaseka onse, wina mpaka kuliza hutala.

"Pakamwa panupo ngati wailesi yothyoka batani," Subilaga anayankha osaima. "Sungani mafuta anuwo."

Akanatha kukwera. Koma anyamata amenewo sasunga chinsinsi: ukangokhala kumbuyo kwa mmodzi, pofika pakhomo Tukuyu yense wadziwa kale chimene wanyamula, ndi mtundu wake womwe. Ndipo Gwakisa, bwenzi lake, sankayenera kudziwa kufikira mawa.

Mawa! Mawa masana Gwakisa ayamba kunyamula anthu pa njinga yamoto yofiira imene amalume ake anamubwereka. Mwezi wathunthu mnyamatayo waphunzirira pabwalo la mpira atavala patapata. Pa katumba ali ndi chipsera cha paipi ya utsi, ndipo chala chachikulu chinathothoka chikhadabo poliza injini. Iye amangoseka, ati zimenezo ndiye ziphaso za ntchito. Subilaga sankaseka nawo. Chimalizireni mayeso a Fomu 4 wakhala akuthyola tiyi m'mawa uliwonse, dengu kumsana, zala zitachita dzanzi ndi mame, ndipo pa tsamba lililonse ankaona chithunzi chimodzimodzi: Gwakisa wafika pansi pa mtengo uja, wazimitsa injini, akutsitsa mwendo pang'onopang'ono, anthu onse maso ali ku phazi lake. Kenako wina akufunsa kuti jombo zimenezi wazipeza kuti, iye osayankha, n'kungoyang'ana kumene kwaima Subilaga.

Phula linatha. Msewu wadothi unayamba kutsika pakati pa minda ya tiyi, ndipo mwezi unatuluka wotuwa, wosaoneka m'mphepete, ngati wauviika mumkaka.

Kusankha kunamudyera tsiku lonse, ndipo wochititsa anali mwini nsapato. Dzina lake Ambindwile, bambo wosakalamba kwenikweni koma wa imvi m'ndevu, amene amakhala kuseri kwa mulu wake atafunda bulangete kuyambira m'chiuno mpaka pansi, monga achitira ambiri kuzizira kukavuta. Sankadzuka. Ankangoloza ndi ndodo.

Subilaga anayamba ndi zijombo za kumigodi, zachitsulo kutsogolo.

"Izi galimoto itaponda, ingalire ndi galimotoyo," anatero akuzikweza ndi manja awiri.

"Ee, koma zikalowa bwanji pansi pa chitsulo cha giya? Mphuno yake ngati ya mvuu. Pofika madzulo mwamuna wakoyo aziyenda ngati am'mangirira njerwa."

"Si mwamuna wanga."

"Oho. Ndiye ndi mlongo wako amene ukumusankhira nsapato uku ukumwetulira wekha?"

Anazitaya, n'kutola zansalu, zopepuka, zofewa ngati buledi wa m'mawa.

"Izo n'zopitira kukagula mchere," anatero Ambindwile. "Msewu ukazinyambita kamodzi wapeza fupa."

Kenako ndodo inafukula pambali n'kukankhira kutsogolo kwake jombo zakuda. Zinali zofika pamwamba pa akakolo, za zipi cham'kati ndi kalamba kamodzi, pansi pake pa mano ngati tayala, ndipo yakumanzere inali ndi kachigamba ka chikopa pamwamba pa zala, pamene giya imadya.

"Tenga izi, mwana iwe. Sizilemera, sizilowa madzi, akakolo abisala. Lamlungu akazipukuta alowa nazo m'tchalitchi popanda wom'tembenukira."

"Vuto lake ndi limenelo! Ine ndikufuna am'tembenukire. Izi n'za mlonda wa kubanki."

Ndipo pamenepo anaziona. Zinali pansi penipeni pa mulu, ngati zinkamubisalira. Chikopa chake chamtundu wa uchi, chosalala, chonunkhira mayiko amene iye sanafikeko, ndipo zingwe zake zofiira, zazitali, zoti ungayanikirepo zovala. Mtima unagunda kamodzi, mwamphamvu. Basi, nkhani inathera pomwepo.

"Pansi pake m'posalala ngati mbale," anatero wogulitsa uja. "Ndipo zingwezo zatalikitsa. Ukatenga, ukazidule."

"Kudula? Kukongola kwake n'komweko, bambo! Ndikam'mangira ndekha. Ndimadziwa mfundo ya duwa, ija ya makutu anayi."

Ndodo inapulumuka m'dzanja la Ambindwile. Anamuyang'ana nthawi yaitali, koma maso ake ankaoneka ngati akuona munthu wina amene waima kumbuyo kwa mtsikanayo. Atalankhula, nthabwala zinali zitamuthera.

"Mawa ndili pompano mpaka masana. Mtima ukatembenuka, ubwere nazo."

Mtima utembenukirenji? Subilaga anaseka yekha mumdima, n'kufinya mtolo wake. Ziphaniphani zinkayandama pamwamba pa tiyi. Anayamba kuona Gwakisa akumutenga ulendo wa ku Mbeya, mphepo ikumulanda mpango, magetsi a mumzinda akutseguka kutsogolo kwawo ngati munda wa nyenyezi, iye atatsamira tsaya pamsana wa...

Thaa!

Lamba wa sandasi yake anaduka m'matope.

Anaima ndi mwendo umodzi, n'kutukwana chapansipansi. Anayesa kuyenda chopanda nsapato, koma miyala ya mumsewuwo inali yakuthwa ndi yozizira. Anayang'ana mtolo. Gwakisa sangadziwe. Ndiponso, kodi si zabwino kuti phazi loyamba kulowamo likhale lake?

Anakhala pa chitsa n'kuzivala. Zinamukulira, mapazi ake ankasambira m'katimo. Anakoka zingwe, nazimanga mwaluso lake lonse, khutu pa khutu, mpaka pa phazi lililonse panaphuka duwa lofiira lalikulu ngati chikhatho. Ngakhale m'kuwala kofooka kwa mwezi, ankaoneka. Anadzuka n'kuyenda ngati mkwatibwi.

Sizinatenge nthawi. Kuseri kwa chidendene kunayamba kutentha. Potsika, jombo zinkaterereka pa dothi lonyowa, iye n'kumatambasula manja ngati mwana wophunzira kuyenda. Zizolowera, anadziuza. Zinthu zokongola zimayamba zavuta.

Minda ya tiyi inatha, zinayamba nthochi. Nyumba zinali zitazima nyale. Kumunsi, m'chigwa, mtsinje unkalankhula wokha pansi pa mlatho wakale wa matabwa.

Apa m'pamene anamva mapazi ena.

Kwa... phwa. Kwa... phwa.

Anaima. Nawonso anaima.

Anayenda.

Kwa... phwa.

Phazi lina la nsapato. Lina lopanda.

Anatembenuka. Koma anali mtsikana chabe, wa msinkhu wake womwe, wovala diresi lachikasu la masitayilo akale, lija la manja otukumuka limene Subilaga analiona pa zithunzi za azakhali ake. Tsitsi lake loluka linali lonyowa. Ankamwetulira, ndipo pakati pa mano ake akutsogolo panali kampata kokongola.

"Mwandiopseza, achemwali," Subilaga anapumira m'mwamba. "Nanunso minibasi yakusiyani?"

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Maso ake anali pansi, pa maluwa awiri aja.

"Zakongola," anatero. Mawu ake anali ofewa, ngati ochokera m'chipinda china.

"Eti? Ndimadziwa ine! Mwini wake amafuna kundigulitsa za alonda."

"Zamukwana?"

"Sanaziyese. Ndi za mawa."

"Zanga zinamukwana," anatero mtsikanayo. "Anthu onse anatembenuka."

Anayendera limodzi. Subilaga anasangalala kupeza mnzake, ndipo pakamwa panamasuka. Anamuuza za njinga yofiira, za chipsera cha pa katumba, za ulendo wa ku Mbeya. Mnzakeyo ankangomvetsera, akutsimphina pang'ono ndi nsapato yake imodzi. Chifunga chinawakuta mpaka dziko lonse linatsala laling'ono: atsikana awiri, mwezi, ndi phokoso la madzi. Zinali ngati kuyenda m'maloto a munthu wina. Kununkhira kwa maluwa a khofi kunabwera n'kupita. Kenako kunabwera fungo lina. Matope a mumtsinje... ndi petulo.

"Nsapato yanu ina ili kuti?"

"Ili pansi."

"Pansi pati?"

"Mvula ikagwa, matabwa amaterera," anatero mtsikanayo, ngati akuyankha funso lina. "Munthu amafuna kungoponda pansi. Kamodzi kokha."

Subilaga anamuyang'ana cham'mbali. Usiku unali wozizira moti mpweya wake unkatuluka ngati utsi. Pakamwa pa mnzakeyo sipankatuluka kanthu.

Anafika pa mlatho.

Thabwa loyamba linalira pansi pa jombo. Lachiwiri. Lachitatu. Matabwa anali akuda, onyowa, mitu ya mabawuti itatuluka apa ndi apo. Subilaga anazindikira kuti akumva mapazi ake okha.

Ndiye kumbuyo, pamtunda, injini inalira.

Njinga yamoto. Ikutsika. Nyali yake inaboola chifunga, yachikasu, yonjenjemera. Pamwamba pa kulira kwa injini panali kuseka kwa mtsikana, kuseka kwa munthu amene dziko lonse ndi lake.

Kuseka kuja ankakudziwa. Anali atangokumva m'mawu a mnzakeyu.

Anatembenuka kuti amufunse.

Panalibe munthu!

Nyali inakula. Mlathowo ndi wopapatiza. Subilaga anati athawire kumbali. Jombo yakumanja inaterereka, fyuu! Anagwa ndi bondo. Anadzuka. Anakoka mwendo wakumanzere.

Sunabwere.

Anakokanso.

Wagwidwa!

China chake chinali chitam'gwira phazi. Cholimba. Chosalankhula.

"Mayo! Ndisiyeni!"

Nyali. Injini. Matabwa akunjenjemera. Anamva tayala likuterereka pa matabwa onyowa, njinga ikupendekera kumanzere, mawu a mnyamata akukuwa, "Mwendo! Mwendo sukutsika!" Kuseka kuja kunaduka pakati ngati ulusi.

Anatseka maso.

Mphepo yozizira inamudutsa m'thupi, kulowera kumsana n'kutulukira pachifuwa. Kuwala kunapendama, n'kugwera kumbali kwa mlatho, pang'onopang'ono, ngati nyenyezi yotopa.

Sipanamveke kugwa.

Zii...

Madzi okha.

Atatsegula maso, mtsikana wa diresi lachikasu anali atagwada pamapazi ake. Madzi ankatsika m'tsitsi lake, m'manja mwake, m'mphepete mwa diresi. Zala zake zinali pa jombo yakumanzere, ndipo kuzizira kwake kunapyola chikopa mpaka m'fupa.

Sichinali chilombo chimene chinam'gwira. Khutu limodzi la duwa lija linali litakola mutu wa bawuti.

Mtsikanayo analikolola mofatsa. Kenako anamasula duwa lonse, khutu ndi khutu, monga mayi amasulira tsitsi la mwana wogona. Anazunguliza chingwecho pa kakolo, n'kubisa nsonga zake m'kati. Anachita chimodzimodzi ku phazi linalo. Pa jombo sipanatsale duwa.

"Chitsulo cha giya chili ngati bawuti iyi," anatero osadzutsa mutu. "Chimakonda maluwa."

Subilaga anayang'ana jombo zopanda maluwa zija. Mtsikanayo anapitiriza.

"Usam'mangire duwa, mnzanga."

Anadzutsa nkhope. Kumwetulira kuja kunalipobe, ndi kampata kake, koma m'maso munali chisoni chakale kwambiri, choposa msinkhu wake.

"Ukamuuze Ambi. Iye amayendetsa bwino. Duwa ndinamanga ndine."

Chifunga chinadutsa pakati pawo ngati nsalu yoyanikidwa. Chitapita, pa thabwa panatsala chithaphwi chokha, ndi chidindo cha phazi limodzi lopanda nsapato.

Mmene anafikira kunyumba, Subilaga sakumbuka. Amangokumbuka amayi ake akutsegula chitseko ndi nyali m'manja, akukalipa kuti mwana wamkazi sayenda nthawi ino, kenako n'kusiya kukalipa atamuona nkhope. Anagona ndi zovala. Analota Gwakisa akutsitsa mwendo pansi pa mtengo wa mapeyala, akuutsitsa, akuutsitsa, koma pansi pakunka patali.

M'mawa kunacha bwino, kumwamba kuli mbee, phiri likuoneka lonse. Pa kuwala koteroko zinthu za usiku zimaoneka zopusa. Anatulutsa jombo zija pakhonde. Chikopa cha uchi chinawala, ndipo mtima wake unayambanso kunyengerera: mwina unali mantha chabe, mwina anali mtsikana wa kutsidya wosokonekera mutu. Angathe kungodula zingwezo pang'ono. Pang'ono pokha.

Anagwira chingwe cha jombo yakumanja. Chouma.

Anagwira cha yakumanzere. Madzi anatsika m'zala zake, ozizira ngati a pansi pa mlatho.

Anakwera minibasi yoyamba imene inadutsa.

Anapeza Ambindwile ali pamalo pake, bulangete m'miyendo, akumwa tiyi wa mkaka ndi chitumbuwa. Ataona mtolo uja anaika kapu pansi.

"Wabwera, mkazi wa mwini. Zakana?"

"Ndipatseni za mlonda zija."

Sanamuseke. Ndodo inalowa pansi pa tebulo n'kutulutsa jombo zakuda. Anali atazipatula kale, ndipo zinali zopukutidwa. Subilaga anazitembenuza m'manja, nayendetsa chala pa mano a pansi pake, nakoka zipi, namanga kalamba. Panalibe chilichonse cholendewera. Ataziyang'anitsitsa padzuwa anaona kuti m'mphepete mwake munadutsa ulusi wofiira, woonda, wosokedwa mwaudongo, umene dzulo sanauone n'komwe. Sizinali zoti msika wonse utembenuke. Koma munthu mmodzi wodziwa poyang'ana akanauona.

"Mundikhululukire, ndinazivalako usiku," anatero akubweza zauchi zija. "Sandasi inaduka. Ndiye pa mlatho wa kwathu chingwe chinakola bawuti, mpaka anachita kundimasula mtsikana wina."

"Mlatho uti?"

"Wamatabwa uja, wa m'chigwa."

Ambindwile anali atagwira jombo yakumanzere. Ankayang'ana mmene chingwe chinazungulira n'kubisika m'kati. Dontho linagwera pa bulangete lake.

"Mtsikana wotani?"

"Wa diresi lachikasu. Wa kampata m'mano. Anali ndi nsapato imodzi." Subilaga anamuyandikira. "Bambo, kodi alipo amene amakutchulani kuti Ambi?"

Phokoso la msika linapitirira mbali zonse, amayi a nthochi akuitana, mawilibala akupempha njira.

"Analipo mmodzi," anatero.

"Wandituma. Akuti inu mumayendetsa bwino. Akuti duwa anamanga ndi iye."

Bamboyo anatseka maso. Kwa kanthawi nkhope yake inakhala ya mnyamata. Kenako anagwira nsonga ya bulangete n'kulikokera pambali.

Mwendo wakumanja unali mu jombo yakuda. Wakumanzere unathera pansi pa bondo, buluku litapindidwa n'kumangidwa ndi pini.

"Linali tsiku langa loyamba," anatero. "Jombo anandigulira yekha, anandimangira yekha, pansi pa mtengo womwe uja. Ndinati ndim'perekeze kwawo anthu ationere. Pa mlatho tayala linaterereka pang'ono chabe, zoti ukaponda pansi waima. Ndinati ndiponde." Anayang'ana pamene panayenera kukhala phazi. "Zaka zonsezi ndimati ndinam'pha ndine."

"Koma... ali kuti iyeyo tsopano?"

"Tusekile?" Analitchula dzinalo mosamala, ngati chinthu chosweka. "Tusekile tinam'tola m'madzi pansi pa mlatho umenewo, mwana iwe. Tinamuika m'manda iwe usanayambe n'komwe sukulu. Nsapato yake ina sinapezeke."

Kukona kwa msika kunamveka hutala wachilendo, wonyada, akulira kawirikawiri, ndi anyamata akukuwa dzina la Gwakisa. Kudzera pakati pa matebulo Subilaga anaona njinga yofiira ikuima pansi pa mtengo wa mapeyala, ndi phazi la patapata likutsika pansi.

Ambindwile anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kumukankha pang'ono ndi ndodo.

"Ukudikira chiyani? Thamanga, kam'veke asananyamule munthu."

Subilaga anafungatira jombo zakuda n'kuthamanga. Kumbuyo kwake, pamwamba pa mulu wa kaunjika, padzuwa la masana, chingwe chofiira chinali chikudonthabe.